Pangano la ku Lusaka ndi ngongole za nkhondo: analipidwa ndani?

Abale otsogolera makalasi, ambiri a ife timadziwa Pangano la ku Lusaka la pa 7 Setembala 1974 ngati kalata yotontholetsa mfuti basi. Samora Machel anasaina m'malo mwa Frelimo, Mário Soares, Melo Antunes ndi anzao m'malo mwa Portugal. Koma m'menemo mulinso ndime ziwiri za ndalama, ndipo ndizo tifuna kuziyesa pano.

Yoyamba ikhudza banki. Pa nthawi ya atsamunda, Banco Nacional Ultramarino ndiyo inkatulutsa ma escudo a m'dziko muno. Pangano linati cuma ndi ngongole za nthambi yake ya kuno zipite ku banki yatsopano ya dziko. Mau ake ngomveka, ndipo anacitikadi: Banco de Moçambique inakhazikitsidwa mu Meyi 1975. Apa olemba tiwayamike, pakuti ufulu wopanda ndalama zakozako ndi ufulu wa pakamwa.

Yaciwiri njovuta. Frelimo inavomera kusenza ngongole zimene Portugal anatenga m'dzina la Moçambique, malinga ngati zinatengedwa kuti zipinduliredi dziko lino. Mau okoma, koma nanga woweruza phindulo ndani? Ndimeyo simuchula. Taonani Cahora Bassa. Damulo anayamba kulimanga mu 1969, nkhondo ili mkati, ndi ndalama zokongola ku mabanki, magetsi ambiri n'kumapita ku South Africa. Ufulu utabwera, Portugal anagwira magawo 82 pa 100 a kampani ya damulo kuti abwezere ngongolezo. Zinatenga mpaka 2007 kuti Moçambique alipire madola 700 miliyoni ndi kutenga magawo 85.

Colakwa cacikulu ca panganoli ndi cimene silinena. Mabanki ndi maboma ali ndi ndime zao. Koma anthu a ku Tete amene minda ndi manda ao zinamira m'madzi a damu, ndi aja a ku Tete ndi Niassa amene anakankhidwira m'ma aldeamento, alibe ndime yowabwezera kanthu. Anali ndi mapepala anawerengeredwa, osadziwa kulemba anangosiyidwa.

Ndiye m'kalasi citani cotere: dulani bolodi pakati, mbali ina mulembe "Analipidwa", ina "Sanalipidwe". Ophunzira achule okha zimene mabanja ao anataya, ng'ombe, bwato, dimba, ndipo aliyense alembe m'kope lake, ndi dzina la mudzi ndi caka. Akulu anati mlandu suola, komatu wosalembedwa umafa ndi mboni zake.