Nthabwala ndi Mtengo wa Thukuta la Mkazi

Chichewa chili ndi mwayi umene zilankhulo zambiri za ku Ulaya zilibe: mau oti "iye" ndi "munthu" sasankha mwamuna kapena mkazi. Koma zimene chilankhulo chathu chidalumikiza, nthabwala zathu zazilekanitsa.

Taonani amai ogulitsa manachesi m'mbali mwa mseu wa ku Mwanza, umene umakalowa m'Mozambique pa Zobue. Wogula, atamva mtengo wa mulu, afunsa: "Nanga mwiniwakeyo ndi zingati?" Anzake aseka. Maiyo asekanso, poopa kuti akakwiya malonda amthawa. Tsono amene wamchititsa manyazi sakhalanso ndi mphamvu yolimbikira mtengo wake. Nthabwala yotere si masewera ai, koma njira yotsitsira mtengo.

Muzu wake uli m'mau aja akuti mwamuna ndi kabudula amathera moyenda, mkazi ndi chitenje chimathera pakhomo. Nchifukwa chake mwamuna wofuna ndalama pamseu amatamidwa kuti ngwakhama, pamene mkazi amatchedwa "woyendayenda", ndipo tonse tidziwa tanthauzo lake. M'nyumba namo mai wa zidzukulu amatchedwabe "mtsikana wantchito", monga momwe atsamunda ankatchulira bambo waimvi kuti "boyi". Mau amenewa amsandutsa wamkulu kukhala mwana, ndipo mwana sapatsidwa malipiro, amangopatsidwa "ya sopo".

Eklezia siingavomereze zimenezi. M'kalata yake ya 1981, Laborem Exercens, Papa John Paul wachiwiri adaphunzitsa kuti ulemerero wa ntchito uchokera kwa munthu woigwirayo, osati ku mtundu wa ntchitoyo. Aepiskopi athu, m'kalata yao ya Lenti ya 1992, adadandaula za malipiro ochepa a anthu wamba. Boma nalonso, m'lamulo la 2013 lofananitsa amuna ndi akazi, lidaletsa kuzunza munthu ndi mau achipongwe otere.

Funso litsalira ife ansembe ndi aseminale. Kodi amai otiphikira ndi kutichapira timawatchula bwanji? Kodi pa ulaliki sitiseketsa mpingo ponyoza akazi, pamene iwowo ndiwo adzaza tchalitchi? Kuseka nkwabwino, koma tiyambe tafunsa kuti akulipira chisekocho ndani. Yakobe woyera (5:4) atichenjeza kuti malipiro omanidwa amafuula kwa Mulungu, ndipo phokoso la kuseka kwathu silingatseke makutu ake.