Rumba inachokera kutali, Ansenga aiwonjezere chiyani?

Mukaima pa Nyimba kugula nthochi kapena kutsikira pa Petauke, rumba simungaiphonye: m'mabala, pa maukwati, ngakhale m'makwaya a mpingo. Ambiri amati ndi nyimbo za ku Congo basi, komatu ulendo wake ndi wautali.

Anthu a ku Kongo amene anatengedwa ukapolo anafika ku Cuba ndi ng'oma zawo pamtima. Kumeneko maimbidwe awo anakumana ndi gitala wa ku Spain, n'kubala nyimbo zotchedwa son. Kuyambira 1933, kampani ya HMV inkagulitsa nyimbozi mu Africa pa malekodi a GV, ndipo anthu a mumzinda wa Léopoldville ku Congo atazimva anazindikira za kwawo. Joseph Kabasele anayambitsa gulu loimba la African Jazz mu 1953, Franco ndi anzake OK Jazz mu 1956.

Akatswiriwa sanangotsanzira. Zimene Acuba ankaimba pa piyano ndi malipenga, iwo anazipereka kwa magitala, mawu n'kukhala a Chilingala. Tamvetserani chigawo cha rumba chotchedwa sebene: woimba amayamba wapuma, gitala wina n'kugwira kanyimbo kafupi kobwerezabwereza, mnzake akumuyankha pamwamba, besi ikuyenda pansi. Aliyense amasiyira mnzake mpata, ndipo m'mipata imeneyo ndi m'mene wovina amaponda.

Kuno ku Zambia rumba inalowera ku migodi ya Copperbelt, kufupi ndi Katanga, kumene anthu ambiri akum'mawa ankagwira ntchito. Nashil Pichen Kazembe, amene anaimba zaka zambiri ku Nairobi, anasonyeza njira ndi "Aphiri Anabwera": magitala oyenda mayiko, koma nkhani yathu, ya munthu wobwerera kumudzi chimanjamanja, m'Chinyanja chathu.

Chondidandaulitsa lero ndi kiyibodi. Mnyamata amadina batani, rumba yophikaphika n'kutuluka, yofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Palibe woyankha mnzake, ndipo mawu a Chinsenga amakakamizidwa kulowa m'kanyimbo kosatsata kukwera ndi kutsika kwake.

Chikhalirecho chuma chilipo. Mu 1961 wofufuza za nyimbo John Blacking analemba za luso la kalimba wa Ansenga, amene pomuimba zala ziwiri zazikulu zimalandizana monga magitala a sebene. Oimba a ku Petauke ndi Nyimba akhale pansi ndi agogo odziwa kalimba ndi nyimbo za pamtondo, asamutsire zimenezo pa gitala. Akongo anatero ndi za ku Cuba, mpaka UNESCO inalemekeza rumba yawo mu 2021. Nafenso tisamangolandira, tiikepo dzanja lathu.