Za Ana Athu Opita Kukaphunzira Kutsidya la Nyanja

Abale, pali mau awiri amene amveka kawirikawiri m'midzi yathu ya kuno ku Kasungu, pabwalo ndi m'zigafa momwe tisoka fodya. Ena ati mwana akapita ku sukulu ya kunja, mudzi wonse waona mwai. Ena atsutsa, nati wapita ameneyo, adzasanduka mchona. Ife amene tagwira coko zaka zambiri tifuna kuyesa mau awiriwo, ndipo muyeso tiri nao pafupi, pakuti dziko lino linatumiza kunja mwana amene mbiri yace idziwika ndi onse.

Kamuzu Banda anacoka kuno akali mnyamata, ngati m'caka ca 1915, nayenda pansi kufikira ku Hartley m'dziko la Rhodesia, kumene anagwira nchito m'cipatala. Pambuyo pace anafika ku migodi ya ku Johannesburg. Iye ndi atsibweni ace, a Hanock Msokera Phiri, analowa mpingo wa A.M.E., ndipo mpingo umenewo ndiwo unamthandiza kuoloka nyanja m'caka ca 1925. Anayambira ku Wilberforce, natsiriza ku Chicago mu 1931, nalandira udotolo ku Meharry mu 1937, naonjezanso wina ku Edinburgh mu 1941. Zaka 16 pa mabuku, ali yekha pakati pa eni dziko!

Phindu lace sitingalikane. Ali ku Chicago anakhala pansi ndi Mark Hanna Watkins namuuza mau a Cicewa cathu ca kuno, ndipo m'menemo munaturuka buku la malamulo a cinenero cathu mu 1937. Cacikuru koposa ndi ici: pokhala ku Britain anadziwa makhalidwe a Azungu kwao komwe, ndi malamulo ao, ndi khomo loyenera kugogodapo. Pamene anatikakamiza Citaganya mu 1953, panafunika munthu wosaopa kuyang'ana bwanamkubwa m'maso, ndipo anthu anamuitana, nafika pa 6 July 1958. Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma uyu anali mwana wa pakhomo amene anakanolera kalumoko kutali.

Tsono werengani zakazo. Kuyambira 1915 kufikira 1958 ndi zaka 43. Odwala a ku Liverpool, ku North Shields, ku London ndi ku Kumasi anaona dzanja la dotolo wa ku Kasungu, pamene amai athu ananyamulidwa pa macira kunka ku cipatala cakutali. Mlandu suli wa iye yekha iai. Atatsiriza ku Edinburgh anafuna kubwera, koma Azungu a kuno sanalole kuti dotolo wakuda akhale wolingana nao. Apa tiona kuti kutumiza mwana ndi theka cabe la nchito. Theka linalo ndilo kumkonzera malo obwererapo, ndipo limeneli ndi lomwe tiiwala kufikira lero lomwe.

Ndipo anabwera ndi ciani cina? Pa misonkhano analankhula Cingerezi, wina namasulira kwa abale ace enieni. Mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, pafupi ndi mtengo wa kacere umene anaphunzirapo malemba, naitana aphunzitsi a ku Britain, nalamula kuti ana aphunzire Cilatini ndi Cigriki. Ife sitinyoza Cilatini. Nyumbazo nzokongola, ndipo mwaturuka anthu anzeru ambiri. Koma ponseponse pozinga sukuluyo panali minda yaikuru ya fodya, ndi ana a matenanti amene anali kuthyola masamba pa nthawi imene anzao anali m'kalasi. Codabwitsa cina nici, kuti m'dziko lolamulidwa ndi dotolo, sukulu yophunzitsa madotolo inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, patapita zaka 27 cilandirire ufulu. Zaka zonsezo ofuna udotolo anapita kunja, ndipo ambiri sanabwerenso. Amene anabwera ndi nzeru zao, nalankhula momasuka, anaona zowawa: Jack Mapanje, wophunzira ku London, anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 kufikira 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Munthu akhoza kukhala zaka zambiri pakati pa anthu otsutsana poyera, nabwera wosakhoza kupirira womtsutsa mmodzi.

Taonani mwana wina wa dziko lomweli, William Kamkwamba wa ku Wimbe. Pa njala ya 2002 analeka sukulu posowa ndalama, koma anabwereka mabuku m'kanyumba ka mabuku ka kwao, natola zitsulo zotayidwa ndi njinga yakutha ya atate wace, namanga makina ozungulira ndi mphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba mwao. Za kunja zinadza pambuyo: sukulu ya ku Johannesburg, ndi Dartmouth ku America, kumene anatsiriza mu 2014. Iye anapita atadziwa kale cimene cibvuta kwao, ndico mdima, ndi madzi, ndi njala; cifukwa cace zimene anaziona kunjako zinapeza pogwera, ndipo kwao kunaoneka mpope wokoka madzi ndi mphamvu ya dzuwa. Tiyesa kuti kusiyana kwa ophunzira kugona pomwepa. Wopita ndi funso la kwao abwera ndi yankho. Wopita kuthawa khasu angopeza kwina kothawira.

Cifukwa cace, akadza kwa inu akuru a mpingo kapena eni mbumba kuti musonkhe za ulendo wa mwana, musacite manyazi kufunsa kuti akaphunzira ciani, ndipo cimeneco sicipezeka kuno kodi? Za ulimi aphunzitsa ku Bunda, za udotolo ku Blantyre. Kugulitsa ng'ombe kuti mwana akatenge ku India cimene ciri ku Lilongwe ndi kutaya cuma. Koma ziripo zina zimene kuno sitingazione bwino. Fodya wathu aturuka m'dziko ali masamba, ndipo ndudu zambiri zipangidwa kwina; mtengo wace upangidwa ndi anthu amene sitinawaone nkhope; maiko ambiri aletsa anthu ao kusuta m'malo osonkhana anthu, pamene ife tatha mitengo ya m'thengo poumitsa fodya, ndi nthaka yatopa. Tifuna ana athu ena akaone kumene tsambali lithera, ndi umo ogula awerengera phindu lao, ndi mbeu zimene alimi a maiko ena anabzala ataleka fodya. Pakuti mlimi wa ku Santhe kapena ku Chulu aima pa msika wa Chinkhoma pambali pa belo lace, wogula nadutsa osaima, ndipo palibe wa kwao amene angamuuze cifukwa cace.