WOCHI YA OYENDETSA NDEGE

Abale, pa misika ya kuno ku Dedza pacuruka mawochi akuru a nkhope yakuda ndi manambala oyera, amene ogulitsa awacha mawochi a oyendetsa ndege. Anyamata athu a ku Mphunzi awakhumba ndithu, ndipo ena atayirapo ndalama za mbatata zao. Tsono nkoyenera kuti tiyese cinthu cimeneci, tione ngati ciyenera dzina lace.

Ciyambi cace ndi ici. Mu mzinda wa Paris munali munthu wa ku Brazil, dzina lace Alberto Santos-Dumont. M'caka ca 1901 iye anauluka ndi combo ca mpweya, nazungulira nsanja ya Eiffel, pofuna mphotho imene anaikira malire a mphindi 30. Koma pouluka manja ace onse anali pa nchito, kotero kuti kunali kobvuta kuturutsa wochi ya m'thumba. Cifukwa cace bwenzi lace Louis Cartier anampangira wochi yomanga pa dzanja m'caka ca 1904. Pa 12 November 1906 Santos-Dumont anauluka ndi ndege yace mamita 220, nakhala m'mwamba masekondi osakwana 22. Taonani, nthawi ya anthu awa inali kuwerengedwa m'masekondi.

Pambuyo pace Charles Lindbergh anaoloka nyanja ya Atlantic ali yekha m'caka ca 1927, kucokera ku New York kufikira ku Paris, maora 33 ndi theka. Iyeyu anathandiza a Longines kupanga wochi ina, imene inaturuka m'caka ca 1931, yakuti woyendetsa ndege adziwe nayo pamene ali. Pakuti dziko lizungulira kamodzi pa maora 24, munthu akayesa dzuwa kapena nyenyezi, nalinganiza ndi nthawi ya ku Greenwich, apeza malo ace. Koma wochi ikanama mphindi imodzi yokha, munthu wouluka pamwamba pa dziko lathu lino asokera mamailosi oposa 16. Ngakhale m'masiku aja ndege zotera pamadzi zinkafika ku Cape Maclear, m'zaka za 1949 ndi 1950, oziyendetsa sanali kupeputsa nthawi.

Apa ndipo tiona cifukwa ca maonekedwe ace. Nkhope yakuda ndi manambala akuru zinali zakuti munthu awerenge msanga, ngakhale mumdima. Kamutu kopotera kanakula kuti agwire ndi zala zobvala zikopa, popeza kumwamba kuzizira koposa June wa ku Dedza. Panalibe kanthu kongokometsera. Ciri conse cinali ndi nchito yace, ndipo pa ici tiiyamika.

Koma lero ndege zitsogozedwa ndi makina olandira zizindikiro kucokera ku masetilaiti, ndipo wochi yotere yasanduka cobvala. Opanga asunga maonekedwe, nagulitsa mbiri ya anthu olimba mtima aja. Ya mtengo wapatali igulidwa ndi anthu osayendetsa ndege konse. Yochipa ya pa msika iri ndi timivi tina tongojambula, tosayenda. Akuru anati, cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Coipa coposa ciri mwa ife obvala. Ndaona munthu alowa m'kacisi ulaliki uli pakati, wochi yaikuru iri ng'aning'ani pa dzanja. Ndaonanso gogo wopanda wochi, woyang'ana mthunzi wa phiri la Mphunzi, ali pa mpando wace belu lisanalire kaciwiri. Mwa awiriwa, wofanana ndi oyendetsa ndege akale ndiye gogoyo, pakuti iwo anamvera nthawi podziwa kuti moyo wao unali pamenepo.

Cifukwa cace, mbale, ukafuna wochi usafunse dzina lace kapena kukula kwace. Funsa ngati inena zoona, ndipo udzifunse wekha ngati udzaimvera. Ngati sudzatero, sunga ndalamayo ugule mbeu.