Ichi N'chiyani N'kulinga Muli Awiri

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utafalikira pa dziko lonse lapansi, zitseko zambiri zidatsekedwa. M'sukulu, m'matchalitchi, m'mizikiti ndi m'mabwalo a masewero mudangoti zii. Nazo nyumba zosungiramo zithunzi ndi zosemasema zamakedzana, zomwe ena amazitcha myuziyamu, zidatsekedwa. Imodzi mwa nyumba zoterezi idali Frick Collection ya mumzinda wa New York ku America. Akatswiri oyang'anira zithunzi za m'nyumbayi ataona kuti anthu sangathenso kufika, adaganiza zowatsatira kumakomo kwawo kudzera pa intaneti. Pa 10 Epulo adayamba kukamba nkhani za zithunzizo pa YouTube, m'pologalamu yotchedwa Cocktails with a Curator, kutanthauza kumwera pamodzi chakumwa ndi woyang'anira zithunzi. Pasadapite nthawi, anthu a m'mayiko osiyanasiyana adayamba kutumiza mawu othokoza.

Kuthokoza kumeneku n'kofunika kukuunika. Zithunzi za ku Frick sizidali zobisika. Zidasindikizidwa kale m'mabuku ambiri, ndipo aliyense wozifuna akadatha kuzipeza pa intaneti mliri usadabwere. Nanga anthu ankathokoza chiyani? Yankho lake lili m'mwambi uja wakuti ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Owonera sankasowa zithunzi ayi, koma ankasowa munthu woti ayang'ane naye chinthu chimodzi modekha, pa nthawi imene aliyense adabindikira kwayekha. Mphamvu ya pologalamuyi idagona pamenepa, ndipo zofooka zake zikuonekeranso pomwepa.

Kakonzedwe kake kadali kosavuta. Lachisanu lililonse, nthawi ya 5 koloko madzulo ku New York, katswiri mmodzi ankaoneka atakhala m'nyumba mwake, tambula ili pambali. Nthawi zambiri ankakhala Xavier Salomon, yemwe panthawiyo adali mkulu wa oyang'anira zithunzi ku Frick. Masabata ena ankakhala Aimee Ng, ndipo pambuyo pake padabweranso Giulio Dalvit. Wokambayo ankasankha chinthu chimodzi, kaya chithunzi chojambula ndi utoto, chosema kapena chiwiya, n'kuchifotokoza kwa mphindi pafupifupi 20. Ankatchulanso chakumwa chogwirizana ndi dziko kapena nkhani ya chinthucho, ndipo osamwa mowa ankapatsidwa njira yokonzera chakumwa chosaledzeretsa. Padalibe bwalo lokongoletsa ngati la pa wailesi ya kanema. Padali munthu, mawu ake ndi chithunzi basi.

Chithunzi choyamba kukambidwa chidali cha Fransisko Woyera ali m'chipululu, chimene Giovanni Bellini wa ku Venice adajambula pa thabwa cha m'ma 1470. Fransisko waima kunja kwa phanga lake wosavala nsapato, manja atatambasula pang'ono, maso ali kumwamba. Kumbuyo kwake kuli kathebulo, buku ndi chigaza cha munthu, ndipo nkhwayira zake wazisiya pansi. Kuwala kwagwera pa miyala, koma chimene iye akuona sichidajambulidwe. Chapatali pali bulu ataima phee, pafupi naye pali mbalame ya miyendo italiitali, kutsidya kuli mbusa ndi nkhosa zake, ndipo kuseri kwake kuli mzinda wa malinga. M'kabowo ka mumpanda wa miyala mukusuzumira kalulu, wochepa kwambiri moti munthu wothamanga sangamuone.

Kusankha kuyamba ndi chithunzi chimenechi kudali kwanzeru. Tsikulo lidali Lachisanu Loyera, ndipo m'masabata amenewo anthu mazanamazana ankamwalira tsiku lililonse ku New York. Anthu obindikira m'zipinda, omwe ankangomva kulira kwa ambulasi mumsewu, adaonetsedwa munthu wina amene ali yekhayekha, mzinda uli patali, koma kukhala yekhako sikudamusandutse wakhungu. Chithunzichi sichilonjeza kuti mavuto atha mawa. Chimangoonetsa kuti pamalo pouma pomwepo pali bulu, kalulu, timaluwa ndi kadontho ka madzi, ngati munthu ali ndi mtima woyang'anitsitsa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu woyendera myuziyamu amakhala ndi zithunzi zambirimbiri zomudikira, miyendo ikuwawa, anthu ena akumukankha, motero amangoponya diso n'kudutsa. Pano chithunzi chidali chimodzi, ndipo kanema ankatha kukulitsa kachigawo kakang'ono mpaka kalulu uja aonekere bwino.

Ubwino wachiwiri udali wakuti okambawo ankadziwa kusandutsa chithunzi kukhala nkhani. Chitsanzo chabwino ndi chithunzi cha Thomas More chimene Hans Holbein adajambula m'chaka cha 1527. Wosadziwa mbiri yake amangoona bambo wolemera wovala mkanjo wa ubweya, mikono yofiira yonyezimira ndi unyolo wagolide pakhosi, ndevu zongoyamba kumera zikuonekera pachibwano. Koma bamboyu adali nduna yaikulu ya Mfumu Henry VIII ya ku England. Atakana kuvomereza kuti mfumuyo ndiyo mutu wa mpingo m'dzikomo, adadulidwa khosi m'chaka cha 1535. Mmodzi mwa amene adathandiza kumugwetsa adali Thomas Cromwell, amene nayenso adadulidwa khosi m'chaka cha 1540 molamulidwa ndi mfumu yomweyo. Holbein adajambula onse awiri, ndipo m'nyumba ya Frick zithunzi zawo zidapachikidwa m'chipinda chimodzi, china uku china uko, malo osonkhapo moto ali pakati, ngati akuyang'anizana. Munthu akamva zimenezi, unyolo wagolide uja samauonanso ngati chokongoletsa chabe. Amayamba kulingalira za ulemu umene mfumu imapereka lero n'kulanda mawa, ndi za mtengo umene munthu amalipira posunga chikumbumtima chake.

Luso limeneli si lachilendo kwa munthu amene adakulira pa nthano. Wosimba nthano madzulo sabwera ndi nkhani yatsopano. Ana amadziwa kale kuti kalulu apusitsa fisi, komabe amasonkhana pamoto chifukwa cha mawu a wosimbayo, kaimidwe kake pakati pa nkhani, ndi chisangalalo chomvera pamodzi. Iye akayamba, omvera amayankha kuti tili tonse, ndipo popanda yankho limeneli nthano siyenda. Mawu othokoza amene owonera ankatumiza ku Frick adali ngati yankho lomwelo. M'nyengo imene Lolemba silinkasiyana ndi Lamulungu, kukhala ndi tsiku ndi ola lodziwika, podziwa kuti anthu ena zikwizikwi atchera khutu nthawi yomweyo, kudabwezera sabata maonekedwe ake. Nayo tambula ija idali ndi ntchito. Idachititsa kuti katswiri asaoneke ngati mphunzitsi woima kutsogolo kwa kalasi, koma ngati mwini nyumba wolandira alendo.

Pologalamuyi idatsegulanso khomo kwa anthu amene sakadalowa ku Frick ngakhale kukadapanda mliri. Nyumbayi ili pa msewu wa Fifth Avenue, dera la anthu olemera, polowa pamalipidwa, ndipo lamulo lake sililola ana osakwana zaka 10. Pa intaneti padalibe wolondera pakhomo. Odwala, okalamba osatha kuyenda ndi anthu a kutsidya kwa nyanja adali ndi mpando wofanana ndi wa nzika ya New York. Munthu wa ku Blantyre kapena ku Chipata wofuna kumvera pamodzi ndi anzake m'miyezi yoyambayo ankayenera kudikira mpaka 11 koloko usiku, koma poti nkhanizo zinkasungidwa, ankatha kuzipeza m'mawa mwake.

Ngakhale zili choncho, kuyamika kopanda kuunika n'kosathandiza. Chofooka choyamba n'chakuti kanema amanamiza pa kukula kwa zinthu. Aimee Ng adakambapo za chithunzi cha John Constable cha m'chaka cha 1819, choonetsa hatchi yoyera ikuwolotsedwa pa bwato mumtsinje wa Stour ku England. Constable adachijambula chachikulu dala, pafupifupi mamita awiri m'litali mwake, pofuna kuti malo wamba a kumudzi kwawo apatsidwe ulemu umene unkapatsidwa zithunzi za nkhondo ndi za mafumu. Pa foni ya m'manja chithunzichi chimalingana ndi chikhatho, chimodzimodzi ndi kachithunzi kakang'ono ka Vermeer. Cholinga cha mmisiri chimatayika. Kukhuthala kwa utoto ndi mmene kuwala kumasinthira munthu akasuntha sizioneka pa galasi losalala. Komanso diso la wowonera limayenda kumene wokamba walilozera. Iye akakulitsa kalulu, onse amaona kalulu. Woima pamaso pa chithunzi chenichenicho ali ndi ufulu wosochera, wodzipezera yekha chinthu, ngakhale wotsutsana ndi katswiri. Pa kanema ufulu umenewu umachepa, ndipo n'kwapafupi kuti munthu aloweze maganizo a wina n'kumayesa kuti waona yekha.

Chofooka chachiwiri chikukhudza gwero la chuma chimene chidasonkhanitsa zithunzizi. Henry Clay Frick, amene adamwalira m'chaka cha 1919 ndipo nyumba yake idatsegulidwa kwa anthu onse m'chaka cha 1935, adalemera ndi malonda a malasha ndi zitsulo. M'chaka cha 1892, pa mkangano wa malipiro ku fakitale ya zitsulo ya Homestead m'chigawo cha Pennsylvania, iye adatsekera antchito kunja n'kuitanitsa alonda a mfuti okwana 300 a kampani ya Pinkerton. Padabuka nkhondo ndipo anthu adafa mbali zonse ziwiri. Patapita zaka 23, munthu yemweyu adagula chithunzi cha Fransisko, woyera amene adataya chuma cha bambo wake n'kusankha umphawi. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Izi sizichepetsa luso la Bellini, koma macheza a madzulo okhala ndi chakumwa m'manja amafewetsa mtima, ndipo mtima wofewa sufulumira kufunsa kuti thukuta lidali la yani. Tsono popeza zambiri za m'nyumbayi n'zochokera ku Ulaya, wophunzira wosachenjera angathe kuganiza kuti luso lojambula lidayambira ndi kuthera kumeneko, pamene izo zikungosonyeza zimene munthu mmodzi wolemera adakonda kugula.

Chachitatu, mawu othokoza amachokera kwa okhawo amene mphatso idawafika. Kuonera kanema wa mphindi 20 kumafuna foni kapena kompyuta, magetsi, ndalama zolipirira intaneti, Chingerezi, ndiponso nthawi. Namwino amene adagwira ntchito usiku wonse, wogulitsa pamsika amene malonda ake adaima, ndi mwana wasukulu wa kumudzi kopanda magetsi sadamveke mawu awo pa nkhaniyi. Choncho kuchuluka kwa oyamika kukusonyeza kuti ntchitoyo idali yabwino kwa amene adaipeza, koma sikukusonyeza kuti khomo lidatsegukira aliyense.

Zimene zidachitika pambuyo pake zikuthandiza kuweruza nkhaniyi. M'mwezi wa Malichi chaka cha 2021, pamene nyumba yakale inkakonzedwa, zithunzi zidayamba kuonetsedwa mongoyembekezera m'nyumba ina ya pa msewu wa Madison Avenue. Kumeneko chithunzi cha Bellini chidapatsidwa chipinda chakechake, pafupi ndi zenera, kuti munthu ayang'anizane nacho popanda china chomusokoneza. Pologalamu ija idatha m'mwezi wa Julayi chaka chomwecho, itakamba nkhani zoposa 60, ndipo m'chaka cha 2022 nkhanizo zidasindikizidwa m'buku. Nyumba ya pa Fifth Avenue idatsegulidwanso mu Epulo chaka cha 2025. Kanema sadalowe m'malo mwa myuziyamu. Adangogwira ntchito yake pa nthawi imene zitseko zidali zotseka, ndipo zitseko zitatseguka adapumula.

Motero kuthokoza kwa owonera kudali koyenera, bola chimene akuthokozacho chizindikirike bwino. Iwo sadaone Bellini monga amamuonera munthu woima pamaso pa thabwa lenilenilo, ndipo sadamve mbiri yonse ya chuma chimene chidamufikitsa ku New York. Chimene adalandira ndi chizolowezi chokhala pansi ndi chinthu chimodzi, kuchifunsa mafunso, ndi kumvera wina amene adachiyang'ana zaka zambiri. Chizolowezi chimenechi sichifuna ulendo wa ku America. Chimagwira ntchito pa ndakatulo ya m'buku la sukulu, pa mphika woumba ndi manja, ngakhalenso pa zojambula za m'mapanga a ku Chongoni m'boma la Dedza, zimene bungwe la UNESCO lidaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Wophunzira amene angaime pamaso pa zojambulazo kwa mphindi 20, pamodzi ndi mkulu wodziwa tanthauzo lake, n'kufunsa kuti ichi n'chiyani, adzakhala atapindula ndi phunziro la nyengo ya mliri kuposa amene adaonera makanema onse aja n'kungoloweza maina a amisiri.