Buku la Mudzi wa Ayao, ndi Ana Opanda Mwini

Abale anga aphunzitsi ndi akatekisti, pali buku limodzi la Cingelezi limene lichulidwa kawiri-kawiri anthu akayamba kukamba za miyambo ya dera lathu lino la Machinga ndi Balaka, ndilo The Yao Village, la J. Clyde Mitchell, losindikizidwa ku Manchester caka ca 1956. Mlembiyo anali mbadwa ya ku South Africa, wotumidwa ndi bungwe la Rhodes-Livingstone Institute. Pa zaka za 1946 kufikira 1949 anakhala pakati pa Ayao a mafumu monga Kawinga, Liwonde ndi Malemia, nawerenga nyumba, nalemba mibadwo ya eni midzi, namvetsera milandu yao. Ine ndaliwerenga kawiri: poyamba ndiri mnyamata wa sukulu, kaciwiri nditacokera ku msonkhano wina wa ankhoswe umene unatsala pang'ono kupasuka. Pa kuwerenga kwaciwiriko ndipo ndinaona bwino cimene bukuli litipatsa ndi cimene litimana.

Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka mlendo ameneyu kanali kakuthwadi. Iye anaona cinthu cimene ife tikhala naco masiku onse osacipenya, ndico cakuti mzati wa mudzi wa Ayao ndiwo mlongo ndi alongo ace. Gulu la akazi apacibale pamodzi ndi ana ao ndilo mbumba, ndipo mlongo wao wamwamuna wowasunga achedwa asyene mbumba m'Ciyao, ndiko kuti mwini mbumba. Mwana akadwala, wofunsidwa ndiye. Mwana akapalamula, woima pabwalo ndiye. Ndipo mudzi ukagawika, kawiri-kawiri cogawitsa ndi amuna awiri apacibale olimbirana mbumba, wina ndi kucoka nao alongo ace kukamanga pena, milandu ya ufiti iri pambuyo pao. Zimenezi bukuli lazifotokoza mosamala, ndipo mphunzitsi ali yense wodabwa kuti bwanji atate a mwana sadza pa mlandu wa kusukulu koma atsibweni, akapeza yankho lace m'menemo.

Ndiyamikanso kuti mlembiyo sanapunthwe pa mau akuti mwini, amene agwetsa alendo ambiri. Mwini khasu angathe kuligulitsa. Koma mwini mudzi, mwini maliro, mwini mbumba, ndiye wosenza katundu wace wa cinthuco, woyamba kuuzidwa ndi wotsiriza kucoka. Pomasulira asyene mbumba anasankha mau a Cingelezi otanthauza mlonda kapena msungi, ndipo anacita bwino.

Eni midzi anawagawa monga mwa kudza kwao m'dziko: amene anapezedwa, ndiwo Anyanja; amene anadza nalanda dziko, ndiwo Ayao, ocokera pakati pa mitsinje ya Rovuma ndi Lujenda ca m'zaka za 1860; ndi obwera pambuyo, makamaka ocokera ku Mozambique, mphamvu ya mafumu itathyoledwa ndi Angelezi, monga anacitira Kawinga pa phiri la Chikala mu 1895. Kugawa kumeneku nkoona, koma pamenepa ndipo ndiyamba kudandaula. Bukuli lipenya mudzi ndi maso a mfumu. Lidziwa mtundu wa mwini mudzi, ulemu wace, ndi ngati ali nao ufulu wa kuvinitsa unyago. Koma mwamuna wokwatira pamudzipo aonekamo monga mlendo woima pakhomo, amene tsiku lina adzanyamula mphasa yace. Ndipo kwa ife amene nchito yathu itilowetsa m'nyumba za anthu, mlendoyo ndiye nkhani yonse.

Pamene mwamuna ndi mkazi onse awiri ali a mitundu yotsata kucikazi, Ayao, Anyanja kapena Alomwe, mwambo wa bukuli uyenda bwino: mwamuna apita ku cikamwini, ana ali a kwa amai ao, palibe wotsutsa. Koma dziko silinaime pamene Mitchell analisiya. Njanji yopita ku Salima inali itadutsa kale pa Balaka masiku ace. Mu 1970 inatsegulidwa ina yocokera pa Nkaya kudzera pa Liwonde kunka ku Nayuchi. Balaka, amene anali mbali ya boma la Machinga, anakhala boma pa yekha mu 1998. Njanji, misika ndi nchito za boma zinadza nao Asena a ku Nsanje, Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba, anthu a lobola, amene kwao mwana atsata atate ace. Kunena za cipembedzo, kalembera wa 2018 anaonetsa kuti ku Machinga Asilamu aposa theka la anthu onse, pamene ku Balaka Akristu ndiwo ambiri. Tsono ana a anthu onsewa atunga pa mjigo umodzi, naphunzira m'kalasi imodzi. Tidzadabwa bwanji akakondana?

Werengani nane tsopano masamu a cibale, amene bukuli latiphunzitsa ciyambi cace koma silinawatsirize. Mwamuna wa lobola akakwatira mkazi Myao, mbali zonse ziwiri ziti ana ngathu, ndipo pauka phokoso lomveka mudzi wonse. Mlandu wotere sundiopsa kwambiri, pakuti mwana wolimbiranidwa sagona ndi njala. Woopsa ndi winawo. Mwamuna Myao akakwatira mkazi Msena, kucimuna ati ana nga kwa mai wao, monga mwa mwambo wathu. Kucikazi ati ana nga kwa atate wao, monga mwa mwambo wathu. Mbali zonse ziwiri zipereka anawo mwaulemu, ndipo palibe wowalandira. Makolo ali moyo sicioneka kanthu. Koma tsiku limene atate atsikira kumanda, mwanayo afuna munda kwa azakhali ace, nauzidwa kuti munda uno ngwa mbumba, pita kwanu. Apita kwa atsibweni ace, nauzidwa kuti kwanu nkwa atate ako.

Msonkhano ndinauchula poyamba uja unali wa ukwati wotere. Mnyamata anali Msilamu wa ku dera la Ntaja. Namwali anali Mkristu, mwana wa munthu wa ku Nsanje amene anakalamba pa nchito ya njanji ku Balaka. Ine ndinaitanidwa cifukwa ndimva Ciyao, ndiponso namwaliyo ndinamphunzitsa ali wamng'ono. Kupangana tsiku kokha kunatha masabata asanu. Lacisanu silikanatheka cifukwa ca mapemphero a ku mzikiti, Lamulungu cifukwa ca a kwathu. Loweruka limene akucikazi anasankha linagwa m'mwezi wa Ramazani, ndipo iwo, posadziwa, anakwiya pomva kuti alendo sadzadya. Za malo nazonso zinavuta, pakuti akucimuna anayesa kuti kunka kwa mkazi ndiko kubvomera cikamwini, cimene anali okonzeka kucita, pamene akucikazi anayesa kuti alendowo adza ndi mau a cuma.

Litafika tsiku, panaoneka nkhuku. Mudziwa kuti pa cinkhoswe akucimuna apereka tambala, akucikazi msoti, ndipo ankhoswe adyera pamodzi nyama ya nkhuku kuti pangano likhazikike. Amai a namwali, mwa ufulu wao, anali ataphika kale nkhuku m'mamawa. Nkhoswe ya mnyamata, nkhalamba yofatsa, inayang'ana mbaleyo nifunsa pang'ono-pang'ono kuti, Kodi wazinga ndani? Panakhala cete. Nyama yosazingidwa ndi Msilamu iye sakanaidya, ndipo kusadya kwace kukanamveka monga kukana ukwati. Pakhonde panalinso mtsuko wa mowa umene akucikazi anakonzera alendo mwaulemu. Amene anatipulumutsa ndi azakhali a namwali, mai wosalankhula-lankhula, amene anagwira nkhuku ina pabwalo, naipereka kwa nkhalambayo pamodzi ndi mpeni, nati, Bambo, zingani nokha, ife tiphike mu mphika watsopano. Mtsuko uja unalowa m'nyumba, panaturuka thobwa.

Za nkhuku zinatha bwino cotero; koma ndibvomere kulakwa kwanga. Tonse tinakondwa kuti tadya pamodzi, ndipo tinabalalika dzuwa litapendeka osachula ngakhale kamodzi kumene ana adzakhala ao. Ine womasulira mau ndinamasulira zonse zimene zinanenedwa, koma cimene sicinanenedwe ndinaciona ndi kucileka, poopa kuononga cimwemwe. Ndi usiku umenewo ndinatsegulanso buku la Mitchell.

Pa mau akuti nkhoswe, m'Ciyao angoswe, ndiri ndi cifukwa cina ndi bukuli. Mau a Cingelezi amene liwamasulira nao ndiwo onena munthu woimira mnzace pa ngongole, wogwidwa mnzaceyo akathawa. Mbali imeneyo iripo, koma ndi yocepa. Nkhoswe ndiye njira ya pakati pa midzi iwiri: matenda akagwa m'nyumba auzidwa ndiye, maliro alengezedwa kudzera mwa iye, ndipo mkazi ndi mwamuna akayambana, iye amva mbali zonse asanalankhule. Omasulira Buku Lopatulika la 1922 anaumva kulemera kwace mau amenewa, pakuti ndiwo anawatenga pochula Mzimu Woyera pa Yohane 14. Tsono ngati tiphunzitsa ana kuti Mzimu ndiye Nkhoswe, sitiyenera kulola kuti unkhoswe wa pansi pano usanduke kubvala nsaru zofanana ndi kuponya ndalama m'licero tsiku limodzi.

Taonaninso mneni amene tigwiritsa nchito m'kalasi ya ukwati. Titi mwamuna akwatira, mkazi akwatiwa, awiriwo akwatirana. Mau atatuwa sanena kanthu za kumene nyumba idzamangidwa. Zimenezo zinenedwa ndi mau ena: cikamwini, mwamuna akakhala kwa mkazi; citengwa, mkazi akatengedwa kunka kwa mwamuna mwa cilolezo ca eni mbumba, ana nakhalabe a kucikazi; kulowola, cuma cikaperekedwa ndipo ana nakhala a kucimuna. Citengwa ndi kulowola zifanana pamaso, pakuti monse muwiri mkazi asamuka. Koma pa ana zisiyana monga usana ndi usiku, ndipo ndamva ankhoswe akubvomerezana pa mau amodzi akuti timtenga, wina akumva citengwa, wina kulowola. Katekisti wolemba maina a ofuna ukwati afunse mneni weni-weni, ndipo aufunse mbali zonse ziwiri pa zokha.

Za cikhulupiriro malamulo alipo, ndipo tiwanene poyera, osawabisa kufikira tsiku la ukwati. Ku Cisilamu mwamuna aloledwa kukwatira mkazi Mkristu, koma mkazi Msilamu saloledwa kukwatiwa ndi wosakhala Msilamu. Ku Eklezia Katolika ukwati ndi munthu wosabatizidwa ufuna cilolezo ca Ambuye Episkopi, ndipo Mkatolikayo alonjeza kucita zonse angathe kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa m'Eklezia. Lamulo la boma la maukwati la 2015 lizindikira ukwati wa kwa boma, wa mwambo, wa cipembedzo, ndi wa anthu okhalira pamodzi nthawi yaitali nadziwika monga banja. Ndipo msinkhu wa ukwati ndi zaka 18, monga anatsimikizanso posintha malamulo akuru a dziko mu 2017. Koma palibe limodzi la malamulo amenewa lidzakhala pakhonde mwezi wa August, anyamata a pamudzi akupita ku jando, mwana wa m'nyumbamo akulira kuti anzace amseka. Palibenso lidzaweruza msanga tsiku la maliro, ena akufuna bokosi ndi kudikira abale a kutali, ena akufuna nsanda ndi kuika tsiku lomwelo. Zotere ziyenera kupanganidwa ndi ankhoswe anthu ali okondwa, pakuti pa maliro palibe amva mnzace.

Sinditi Mitchell analakwa posalemba buku limene ine ndikadafuna. Funso lace linali la mudzi ndi ufumu, ndipo analiyankha. Colakwa ciri ndi ife tikatenga cithunzi ca zaka za 1940 ndi kuciyesa lamulo la nyumba iri yonse ya Myao lero, kapena tikauza mkamwini wa mtundu wina kuti pano mwambo ndi uwu, khalani cete. Aliwerenge ali yense wodziwa Cingelezi, makamaka mitu yonena za mbumba ndi za kugawika kwa midzi; mitu ya ziwerengero za ulemu wa mafumu ndi youma, ndipo wotopa angathe kuidumpha osataya zambiri.

Kunena za banja lija, ndinalemba kalata kwa ankhoswe onse awiri kupempha kuti tikomanenso, ndipo tinakomana pa Liwonde, pakati pa njira, kuti pasakhale mlendo kapena mwini khomo. Anapangana kuti nyumba imangidwe ku Balaka, ndi kuti atsibweni a mnyamata apatule munda wa ana ku Ntaja, mfumu ya mudzi ikudziwa, mauwo nalembedwa m'Ciyao ndi m'Cinyanja. Za jando sanamvane. Nkhalamba ija inati tidikire tione ngati woyamba adzakhala mwamuna, ndipo akucikazi anaseka, nabvomera kuti nkhaniyo igone.