Ndege Itatera, Ndani Adzamlandira?

M'mwezi wa Malichi 2024, a BBC Africa Eye anatulutsa kanema wotchedwa Trapped in Oman, wosimba za amayi a ku Malaŵi kuno amene ananyengedwa kuti kuli ntchito yabwino ku Oman, nakapezeka ali akapolo m'nyumba za eni. Mapasipoti awo analandidwa, ndipo dongosolo la kumeneko lotchedwa kafala limam'mangirira wantchito kwa bwana wake. Mayi Pililani Mombe Nyoni, okhala ku America, anawasonkhanitsa pa gulu la WhatsApp; tsono mothandizana ndi bungwe la Do Bold ndi boma lathu, amayi oposa 50 anabwerera kwawo.

Kanemayu tiyenera kumuyamikira, pakuti amalola amayiwo kusimba okha zimene zinawagwera. Komabe nkhani ya chipulumutso ili ndi ngozi yake: mtima wa woonera umakhala pansi pamene ndege yatera, ngati kuti masautso athera pompo. Kanema amatha, koma wopulumukayo ulendo wake wafika pakati chabe.

Tayerekezani kuti mmodzi wa iwo ndi mwana wa kuno kwa Nchilamwela, ku Thyolo. Nthaka yabwino inapita ku minda ya tiyi kuyambira masiku a thangata, ndipo kamunda ka amayi ake sikadyetsa banja chaka chonse. N'chifukwa chake anamvera wonyengayo. Pasipoti anagulira ndalama za katapila. Lero wabwera chimanjamanja, thupi lili ndi zipsera, usiku tulo saona, mwina ali ndi pakati posafuna. Mwini katapila ali pakhomo. Kumjigo anzake akunong'onezana kuti, "Kodi chuma cha kunja chija chili kuti?" Wonyenga wina akabwera maŵa, kodi mwanayu adzakana?

Zosoŵa zake n'zodziŵika. Asoŵa chipatala, ndi munthu wodziŵa kumvetsera popanda kuweruza. Asoŵa pogona pamene wom'gulitsa uja sangamuopseze, popeza kaŵirikaŵiri amakhala wodziŵana naye, ngakhale wachibale. Asoŵa mpamba kapena luso lomudyetsa. Lamulo lathu la 2015 loletsa kugulitsa anthu limalola chilango chofika zaka 14 m'ndende, ndi zaka 21 wogulitsidwayo akakhala mwana. Limanenanso za nyumba zosungiramo opulumuka ndi thumba la ndalama zothandizira ntchitoyi. Koma mlandu suyenda popanda mboni, ndipo mboni yanjala ndi yamanyazi sifika kubwalo. Kupolisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa, paboma pali chipatala; nanga ndani adzam'perekeza?

Mbiri ya Josephine Bakhita woyera, amene timakumbukira pa 8 Febuluwale popempherera ogulitsidwa, itiphunzitsa kanthu. Anabedwa ali mwana ku Sudan, nagulitsidwa kangapo. Mu 1889 bwalo la milandu ku Italy linagamula kuti ndi mfulu. Chigamulocho chinali cha tsiku limodzi. Koma masisitere a Canossa anakhala banja lake kufikira imfa yake mu 1947. Ufulu wa pakalata unasanduka moyo chifukwa panali khomo lotseguka.

Abale athu, ndege sitingaitume ku Oman, koma zina zili m'manja mwathu. Mphakati ungathe kusonkha ndalama yokwerera kupita kuchipatala. Amayi aŵiri achikulire angathe kum'perekeza kupolisi ndi kubwalo, nasunga chinsinsi chake. Banki mkhonde ingathe kumulandira ngakhale alibe chosonkha poyamba. Akuluakulu angathe kukhala pansi ndi mwini katapila pamaso pa amfumu. Ndipo tonsefe tingathe kugwira lilime lathu kumjigo, pokumbukira kuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Amene anajambula kanema uja anachita mbali yawo. Chigawo chotsala sichidzajambulidwa ndi munthu, chifukwa chidzachitikira pakhonde pathu.